Kuwerenga ndalama kapena kuwerenga miyezi: wopuma akabwerera m'kalasi ku New York ndi ku Texas

Ku America kulibe lamulo limodzi loyendetsa penshoni ya aphunzitsi. Chigawo chilichonse chili ndi thumba lakelake, ndipo nyumba ya malamulo ya chigawocho ndiyo imagamula zoti zichitike munthu amene anapuma pa ntchito ya boma akafuna kugwiranso choko. Funso lake n'lofanana kulikonse. Munthu akulandira kale penshoni mwezi ndi mwezi, mphamvu akadali nazo, ndipo sukulu ya kwawo ikusowa wophunzitsa masamu. Kodi alandire zonse ziwiri, penshoni ndi malipiro? Zigawo za New York ndi Texas zinayankha mosiyana kwambiri. New York imawerenga ndalama zimene munthuyo walandira pa chaka. Texas imawerenga miyezi imene wakhala pakhomo ndi maola amene akugwira, kenako n'kutumiza bilu kwa amene wamulemba ntchito.

Malamulo otere sanabwere chifukwa cha kaduka. Pali zoopsa ziwiri zenizeni zimene akufuna kupewa. Choyamba ndi kupuma kwa chiphamaso, pamene munthu amapangana ndi abwana ake kuti atsanzike Lachisanu n'kudzakhalanso pa mpando womwewo Lolemba, penshoni ikutuluka, malipiro akutulukanso. Malamulo a msonkho a boma lalikulu ku Washington amafuna kuti kupuma kuzikhala kwenikweni, ndipo thumba lolekerera zachinyengo zotere likhoza kulandidwa mwayi umene limakhala nawo pa nkhani ya msonkho. Chachiwiri sichioneka msanga koma n'chachikulu. Thumba la penshoni limadalira zimene ogwira ntchito ndi owalemba akusonkha lero. Malo akatengedwa ndi wopuma, yemwe sasonkhanso, thumbalo limataya ndalama imene mphunzitsi wachinyamata akanaponyamo. Lamulo labwino liyenera kutseka mipata iwiriyi popanda kusiya ana akuyang'ana bolodi lopanda wolembapo. Ine ndikuyeza zigawo ziwirizi ndi muyeso umenewo.

Za ku New York zili m'magawo 211 ndi 212 a malamulo a penshoni a chigawocho. Gawo 212 limalola wopuma amene sanafike zaka 65 kugwiranso ntchito ya boma, koma asalandire zopitirira $35,000 pa chaka. Akapyola pamenepo, penshoni yake imaimitsidwa kapena amauzidwa kubweza imene analandira atadutsa malire. M'chaka chimene akwanitsa zaka 65, malirewo amachotsedwa. Ntchito ya kwa munthu wamba, kaya m'kampani kaya pa sukulu ya pulayiveti, siwerengedwa. Ngakhale kuwoloka malire kukaphunzitsa pa sukulu ya boma ku New Jersey kapena ku Connecticut kulibe mlandu. Chiwerengerocho chinaima pa $30,000 kuyambira mu 2007, zinthu zikukwera mtengo chaka ndi chaka, mpaka chinasunthidwa mu 2020.

Lamuloli lili ndi ubwino umodzi wosakanika: n'losavuta kumva. Wopuma aliyense akhoza kuwonkhetsa malipiro ake yekha n'kudziwa pamene wafika. Sukulu nayonso silipira kanthu kapadera pomulemba. Kwa munthu wofuna kugwirizira masiku angapo pa mwezi, pamene mphunzitsi wina wadwala kapena wapita kuchikuta, $35,000 ndi yokwanira bwino.

Vuto limayamba sukulu ikafuna mphunzitsi wa chaka chonse. Malipiro a aphunzitsi ku New York ali m'gulu la okwera kwambiri m'dziko lonselo, ndipo pa avareji amaposa $90,000 pa chaka. Sukulu zimatsegulira mu Seputembala n'kutsekera mu Juni, koma malire aja amawerengedwa kuyambira Januwale mpaka Disembala. Tiyerekeze mayi wa zaka 58 amene anaphunzitsa sayansi zaka 30, n'kupuma monga lamulo limamulolera, ndipo sukulu yamupempha kuti abwerere pa malipiro a $9,000 pa mwezi. Akayamba kuwerenga mu Januwale, Epulo asanathe wafika kale pa malire. Mayeso akuluakulu a chigawocho, otchedwa Regents, amalembedwa mu Juni. Mayiyo asankhe pakati pa kusiya ana ake kwatsala milungu yochepa kuti alembe mayeso, ndi kupitiriza penshoni yake ili yoimitsidwa. Kuli ngati kulemba waganyu kuti apalire munda, koma n'kumulanda khasu atafika pakati pa mzera. Kalendala ya penshoni ndi kalendala ya sukulu sizinapangidwe kuti ziyendere limodzi, ndipo wovulala ndi mwana wa m'kalasi.

Njira yozembera ilipo, ndiyo gawo 211. Wolemba ntchito amapempha chilolezo chapadera, posonyeza kuti anafunafuna ndithu koma sanapeze munthu woyenera amene sanapume. Kale zilolezozi zinkatuluka mosavuta, mpaka mu 2008 pamene nyuzipepala zinaulula za akuluakulu a sukulu, makamaka ku Long Island, amene ankapuma n'kubwereranso pa maudindo a malipiro onona. Lamulo linakhwimitsidwa, ndipo mwa zina linaletsa wopuma kubwerera pa ntchito yomweyo kapena yofanana nayo ndi chilolezo chotere chaka chisanathe. Kukhwimitsako kunali koyenera. Koma amene anachimwa anali mabwana a m'maofesi, pomwe chitseko chinatsekekera pamodzi ndi mphunzitsi wamba amene sukulu yake inkangofuna kuti amalize silabasi.

Umboni waukulu wotsutsa lamulo la New York ndi zimene New York yomweyo inachita zinthu zitathina. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utabuka, Bwanamkubwa Andrew Cuomo anaimitsa malirewo kuti opuma abwerere kudzathandiza. Mu 2022, sukulu zikulira kusowa kwa aphunzitsi ndi madalaivala a mabasi a ana, Bwanamkubwa Kathy Hochul ndi nyumba ya malamulo anaika m'bajeti mfundo yoti wopuma wogwira ntchito m'sukulu za boma ndi m'mabungwe a BOCES, amene amathandiza sukulu zingapo pamodzi, asakhale ndi malire. Mfundoyo inali ya kanthawi, ndipo akhala akuiwonjezera masiku ikamatha. Makoleji ndi mayunivesite a boma sanaphatikizidwemo. Lamulo lofunika kuliika pambali nthawi iliyonse pamene opuma akufunikadi, ine ndimaliona kuti linamangidwa molakwika kuchokera pa maziko. Komanso likaimitsidwa chonchi, zoopsa ziwiri zija zimatsala pamtunda, chifukwa m'malo mwake simunaikidwe china choteteza thumba.

Texas inayambira kwina. Thumba lake la aphunzitsi, TRS, linakhazikitsidwa mu 1937, ndipo silifunsa kuti wopuma akulandira zingati. Limafunsa kaye ngati anapumadi. Aliyense ayenera kukhala mwezi wathunthu wa pa kalendala osagwira ntchito iliyonse m'sukulu za boma, ndipo akaphwanya zimenezi kupuma kwake kumafafanizidwa. Mwezi umenewo ukatha, akhoza kugwirizira m'malo mwa mphunzitsi amene palibe, kapena kugwira theka la nthawi, osapitirira maola 92 pa mwezi. Wofuna kubwerera kotheratu, tsiku lonse sabata yonse, ayenera kudikira miyezi 12 yotsatizana osaponda pa ntchito ya sukulu. Akaipirira miyezi imeneyo, amalandira malipiro ake onse ndi penshoni yake yonse, kaya ali ndi zaka 56 kaya 70.

Mfundo ya miyezi 12 ndimagwirizana nayo, chifukwa ikulunjika pa nthenda yeniyeni. Palibe sukulu ingasungire munthu malo chaka chathunthu pofuna kunamiza thumba, ndipo palibe mphunzitsi angalolere kukhala chaka popanda malipiro chifukwa cha pangano la m'seri. Wobwerera pambuyo pa chaka ndi munthu amene anachokadi, kenako n'kusintha maganizo kapena kupemphedwa. Akabwerera amamaliza chaka cha sukulu, palibe tsiku limene mthumba mwake mumamuuza kuti asiye ana.

Koma malamulo a Texas ali ndi timisampha tambiri, ndipo pamenepa New York ikuposa. Kugwirizira kumatanthauza kulowa m'malo mwa munthu amene alipo pa ntchito koma sanabwere. Malo akakhala opanda mwini, wopuma amaloledwa kugwirizirapo masiku 20 okha. Chonsecho malo opanda mwini ndiwo amasowetsa mtendere mahedi a sukulu. Kusakaniza kugwirizira ndi ntchito ina m'mwezi umodzi kuli ndi kawerengedwe kakenso. Kale munthu akapyola ndi maola ochepa chabe, ankaluza penshoni ya mwezi wonse, nthawi zina chifukwa cha kalaliki amene analemba molakwika. Madandaulo atachuluka, mu 2021 nyumba ya malamulo ya Texas inalamula kuti wolakwa koyamba azichenjezedwa kaye asanalandidwe kanthu. Chaka chomwecho inamasulanso amene anapuma pofika pa 1 Januwale 2021 kuti azigwira nthawi yonse popanda kudikira.

Kusiyana kwina kumaonekera pa munthu amene sanali mphunzitsi poyamba. Apolisi ndi ozimitsa moto ambiri ku New York amatha kupuma atagwira zaka 20, ena akadali m'zaka za m'ma 40. Wina wa iwo akapita ku koleji n'kupeza satifiketi ya uphunzitsi, malire a $35,000 amamutsatira, popeza sukulu ya boma ndi ntchito ya boma m'chigawo chomwecho. Pokhapokha malirewo ataimitsidwa kapena atapeza chilolezo, adzakhala womangika mpaka zaka 65. Munthu ameneyu sanabwerere pa mpando wake wakale, sanapangane ndi aliyense, wangoyamba ntchito yatsopano yothandiza ana, koma lamulo likumuona ngati wodya pawiri. Ku Texas malamulo a TRS amakhudza opuma a TRS okha. Wapolisi wa mumzinda amene penshoni yake imachokera ku thumba la mizinda, TMRS, akalowa uphunzitsi amangokhala membala watsopano wa TRS, n'kuyamba kusonkha ngati wina aliyense, penshoni yake yakale ikubwera monga mwa nthawi zonse. Apa thumba la aphunzitsi likupindula, ana akupindula, ndipo sindikuona woluza.

Komabe kwa zaka zambiri munthu wolowa uphunzitsi mochedwa ku Texas ankalumidwa ndi boma lalikulu. Aphunzitsi ambiri a ku Texas sasonkha ku Social Security, thumba la okalamba la dziko lonse, pomwe a ku New York amasonkha. Lamulo la mu 1983 linkadula ndalama ya Social Security ya munthu amene alinso ndi penshoni yochokera ku ntchito yosasonkha kumeneko, ndipo lina la mu 1977 linkadula gawo limene munthu wotere akanalandira kudzera mwa mwamuna kapena mkazi wake, ngakhale atamwalira. Amasiye ambiri amene anaphunzitsa moyo wawo wonse ankapeza kuti ya malemu amuna awo yatheratu. Malamulo awiriwa anathetsedwa pamene Pulezidenti Joe Biden anasaina lamulo latsopano pa 5 Januwale 2025.

Zimenezi zikutithandiza kuona kuti obwerera m'kalasi m'zigawo ziwirizi sali pa mlingo umodzi. Wopuma wa ku New York anali ndi malipiro okwera, adzalandiranso Social Security, ndipo penshoni yake imakwezedwa pang'ono chaka chilichonse akafika pa msinkhu woyenera, pakati pa 1 ndi 3 peresenti ya $18,000 yoyambirira. Wa ku Texas penshoni yake imawerengedwa pa 2.3 peresenti ya malipiro ake apamwamba pa chaka chilichonse chimene anagwira. Amene anagwira zaka 30 pa malipiro a $60,000, omwe ali pafupi ndi avareji ya kumeneko, amalandira $41,400 pa chaka, ndipo nthawi zambiri ndalama yake ndi yomweyo basi. Sikwera yokha. Amene anapuma kuyambira mu Seputembala 2004 anakhala zaka pafupifupi 20 osawonjezeredwa kanthu pa penshoni ya mwezi, mpaka ovota anavomereza mu Novembala 2023 kuti ikwere ndi 2, 4 kapena 6 peresenti malinga ndi chaka chimene munthu anapumira. Choncho ndikamva kuti gogo wa ku Texas wabwerera m'kalasi, sindifulumira kunena kuti ndi chikondi cha pa ntchito chokha. Ambiri akuthawa mitengo ya mankhwala ndi ya nyumba. Miyezi 12 yodikira, ngakhale ndaiyamikira, imalemera kwambiri kwa munthu wotereyu kuposa mmene ingalemerere kwa mnzake wa ku New York.

Tsopano bilu ija. Sukulu ya ku Texas ikalemba wopuma amene anapuma pambuyo pa 1 Seputembala 2005, n'kumugwiritsa ntchito kupitirira theka la nthawi, imalipira ku TRS ndalama yapadera yofanana ndi zimene membala ndi boma la chigawo akanasonkha pamodzi. Kuyambira mu Seputembala 2023 mbali iliyonse imasonkha 8.25 peresenti, ndiye kuti sukulu imalipira 16.5 peresenti ya malipiro a wopumayo. Ngati ali pa inshulansi ya zaumoyo ya opuma, TRS-Care, sukulu imawonjezera $535 pa mwezi. Pa malipiro a $60,000, yoyambayo ndi $9,900, ndipo ya zaumoyo pa miyezi 12 ndi $6,420. Zonse pamodzi ndi $16,320 pamwamba pa malipiro. Ngakhale munthu atadikira miyezi 12 ija, biluyi imabwerabe.

Maganizo ake ndi olondola ndithu. Malo aliwonse ophunzitsira ayenera kuponya kanthu m'thumba, posatengera amene wakhalapo. New York ilibe chonga ichi, n'chifukwa chake inangodalira kuopseza wopumayo ndi malire a ndalama. Texas inazindikira kuti thumba silivulala chifukwa wopuma walandira zambiri, limavulala chifukwa zosonkha zaima. Pa mfundo imeneyi ine ndili kumbali ya Texas mosakayika. Penshoni ndi malipiro amene munthu anawagwirira kale ntchito n'kuwasungitsa, ndipo sindikuona chifukwa choti achepe pamene mwini wake wavomera kugwiranso ntchito ina imene boma likufuna kuti igwiridwe.

Chimene chimandipweteka ndi kumene biluyo imagwera. Mphunzitsi wamba akalembedwa, gawo lake amasonkha yekha kuchokera m'malipiro ake, ndipo gawo lalikulu la wolemba ntchito limachokera ku boma la chigawo. Wopuma akalembedwa, magawo onse awiri amagwera ofesi ya sukulu za m'deralo. Kwa zaka zambiri maofesiwa ankangomudula wopumayo ndalama imeneyi pa malipiro ake, moti mphunzitsi wa zaka 30 za luso ankapita kunyumba ndi zochepa kuposa amene anangotuluka kumene ku koleji. Mu 2021 nyumba ya malamulo inaletsa mchitidwewu. Cholinga chinali chabwino, koma popeza boma silinapereke ndalama yolipirira, maofesi ena a m'madera osauka anangosiya kulemba opuma. Dera lolemera la m'mbali mwa Dallas kapena Houston likhoza kumeza $16,320 osatsamwa. Kwa dera la kumudzi kumadzulo kwa Texas, lokhala ndi sekondale imodzi, ndalama imeneyo ikhoza kukhala ya mabuku kapena yokonzetsera basi ya ana.

Zotsatira zake zikuoneka m'makalasi. Mu 2015 lamulo la ku Texas linalola madera a sukulu kudzimasula ku malamulo ena a maphunziro, kuphatikizapo lofuna kuti mphunzitsi akhale ndi satifiketi. M'chaka cha sukulu cha 2023 mpaka 2024, pafupifupi mmodzi mwa aphunzitsi atatu alionse olembedwa kumene m'chigawocho analibe satifiketi ya uphunzitsi. Sindikunena kuti bilu ya TRS ndiyo yokha inabweretsa zimenezi, chifukwa malipiro otsika ndi kuchuluka kwa ntchito zikuthamangitsanso anthu. Koma mkulu wa sukulu amene ali ndi bajeti yothina akaona anthu awiri pakhomo, wina wosaphunzira za uphunzitsi koma wotchipa, wina katswiri wopuma wokhala ndi bilu kumsana, n'zodziwikiratu amene angamutenge. Anthu osaphunzitsidwawo ambiri ndi akhama, ndipo sindikuwanyoza. Koma mwana wa kumudzi amene akulimbana ndi masamu a sekondale akanapindula kwambiri ndi munthu amene wakhala akuwafotokoza kwa zaka 30, yemwe mwina amakhala pafupi ndi sukulu yomweyo.

Akuluakulu a ku Texas akudziwa zimenezi. Mu Malichi 2022 Bwanamkubwa Greg Abbott analamula kuti pakhale gulu lofufuza za kusowa kwa aphunzitsi, ndipo lipoti lake la mu Febuluwale 2023 linalimbikitsa, mwa zina, kuti boma la chigawo lithandize sukulu kulipira ndalama yapadera ya opuma kwa kanthawi. Ine ndikanachotsapo mawu oti kwa kanthawi. Malo omwewo akanakhala ndi mphunzitsi wachinyamata, boma la chigawo likanapereka gawo lalikulu la 8.25 peresenti ya wolemba ntchito popanda kufunsa. Likamaipereka yonse wopuma akalembedwa, theka la bilu ya penshoni lingachoke pa mapewa a sukulu, ndipo pa malipiro a $60,000 dera la kumudzi lija lingatsale ndi $4,950 yoti lisake m'malo mwa $9,900.